Mawu Amene Anaopsa Tisauke

Tisauke anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Kanakantapa. Ankamusowa Jonas, mlongo wake wamkulu. Jonas ankaphunzira kutali, ku boma la Chongwe.

Tsiku lina amalume Ezron anafika pa njinga. Thukuta linali kamukamu. Tisauke anagwada, nawapatsa moni. Amalume anathamangira kwa amayi.

"Jonas has passed!" anatero m'Chingerezi.

Amayi anakhala pansi. Anaphimba nkhope ndi chitenje. Misozi inatsika.

Tisauke anachita mantha. Mawu amenewo anawamvapo kale. Anawamva pamaliro a anansi awo, a Fabiano. "He has passed," anthu ankanong'ona. Kodi Jonas nayenso wamwalira?

Anafuna kufunsa. Koma mwana salowerera akulu akamalankhula.

Anathamangira kumsewu, pamene Jonas ankatsikira akamabwera kumudzi. Minibasi inabwera. Inadutsa. Ina inabwera. Nayonso inadutsa. Inasiya fumbi lokha. Tisauke anadikirabe.

Yachitatu inaima. Munatsika mnyamata wonyamula chikwama. Nkhope inali ya Jonas. Malaya anali a Jonas.

Tisauke anabwerera m'mbuyo.

"Osanigwira!" anakuwa. "Ndimwe mzukwa!"

"Iwe, mzukwa umakwera minibasi?" anafunsa Jonas. "Bwera, gwira dzanja."

Tisauke anagwira ndi chala chimodzi. Dzanja linali lofunda.

"Amalume akuti mwachita pass," analira Tisauke. "Monga ba Fabiano."

Jonas sanaseke. Ananjuta pafupi naye.

"Mvera bwino. Pass ni kupitirira. Minibasi ikapitirira osaima, ni pass. Munthu akamwalira, azungu amati pass away. Mwana akapambana mayeso, niyo pass yanga. Niyenda ku sekondale."

"Nanga amama alirira chani?"

"Akondwera. Tiye ukaone."

Anayenda atagwirana manja. Amayi atawaona, anaimba nthungululu. Anakumbatira Jonas. Anakumbatira Tisauke.

Jonas anafotokoza zonse. Amalume anagwira pakamwa.

Tisauke anagwada, naomba m'manja.

"Amalume, nipempha. Nkhani yabwino muzikamba mu Chinyanja."

Amalume anavula chipewa. Anatsokomola. Anaimirira mowongoka.

"Mwana wa mlongo wanga, Jonas ali moyo. Jonas wapambana mayeso!"

Apo Tisauke anadzuka, navina mpaka fumbi linakwera.