Kompyuta Yofunda ya Kunsi kwa Masitepe

Woyamba kuzindikira anali Doña Tencha, mayi amene wakhala akukanda ufa pa bekare ya banja la Coyoy kuyambira ife tili makanda. M'mawa wina akusesa m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, anatsamiza dzanja pa chikompyuta chakale chimene chinali pakona, ndipo anachipeza chili chofunda. Mumzinda wathu uno wa Xela, m'nyengo yozizira, chitsulo sichifunda chokha. Chikompyutacho chinali chitazimitsidwa masiku apitawo, chingwe chake chitazulidwa pakhoma.

Anachizimitsa ndi Marleni, mwana wamkazi wa Don Eulalio, mwini bekareyo. Kwa zaka zambiri chikompyutacho chinali ndi ntchito imodzi. Malonda a m'mashopu awo ankasungidwa m'nkhokwe ya manambala ya pabekare pomwepo, ndipo mbandakucha uliwonse pulogalamu ina ya pa intaneti inkatapa manambalawo n'kutumiza lipoti pa foni ya Don Eulalio, kuti adziwe kuchuluka kwa buledi woti aphike. Koma nkhokwe ndi pulogalamu sizinkalankhulana zokha. Zonse zinkadutsira m'chikompyutachi, n'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amachitcha chipata. Chikazima, lipoti kulibe. Ndiye magetsi akathima usiku n'kuyakanso, amene ankatsika kukachidzutsa anali mkazi wa Don Eulalio, Doña Fidelina, atafunda shawelo yamizeremizere, masilipasi akukhwekhwereza pansi, kapu ya chokoleti ili m'manja. Kapuyo ankaikhazika pamwamba pa chikompyutacho kuti isazizire.

Doña Fidelina anatisiya mvula ili mkati. Patapita nthawi maliro atatha, Marleni anasamutsira nkhokwe ija ku makompyuta akutali amene amawatcha mtambo, kumene pulogalamu ija imakhala, ndipo ziwirizo zinayamba kulankhulana popanda mkhalapakati.

"Ababa, chipata chija chapuma," anatero monyadira. "Magetsi azithima mmene angafunire, lipoti lizibwera basi. Inu muzigona."

Mtsikanayo ntchito amaidziwa, ndipo ndikunena izi ngakhale sanandipatsepo ngakhale sheka imodzi yaulere, kabanzi kathu kakuno kaja. Lipoti linkafika tsiku lililonse. Koma kuyambira pamenepo Don Eulalio anasiya kudya. Munthu amene ankamaliza mbale ya nyemba n'kusuzumira m'mbale ya mnzake tsopano ankangonyema buledi n'kumusiya patebulo. Lamba anamuboola kabowo kena. Dokotala anamupima paliponse, sanapeze kanthu. Marleni anali ataika mayi ake chaka chomwecho, ndipo tsopano ankaona bambo ake akusungunuka iye akuyang'ana.

"Mwana wanga, ndikuuze zoona," Doña Tencha anamunong'oneza, atamukokera kuseri kwa matumba a ufa. "Usiku tikamakanda timamva. Kaye masilipasi pa masitepe, khwe, khwe, khwe. Kenako chinthu chija chimalira kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza. Anyamata onse amaleka kuseka."

"Bwanji osakasuzumira, Doña Tencha?"

"Ine? Ndili ndi zidzukulu zoti ndilere! Mayi ako sankakonda kusokonezedwa ali moyo, nanga pano?"

Mphekesera inathamanga kuposa galimoto yogawa buledi. Pamsika ankati malemu sanakondwe kuti ntchito yawo yalandidwa. Ena ankati ayi, abwerera kudzatenga mwamuna wawo, kodi simukuona mmene wawondera? Mawu amenewa anamufika Marleni, ndipo anamulasa mumtima.

Madzulo ake Marleni anachotseratu chingwe kumbuyo kwa chikompyutacho n'kukagona nacho kumutu. Chipinda chake chinali pamwamba pa masitepe penipeni. Usiku unali wozizira kwambiri, nkhungu itatsika kuchokera kuphiri n'kumeza nyali za mumsewu. Agalu anauwa kutali, n'kuleka onse nthawi imodzi. Kenako anamva. Khwe. Khwe. Thabwa lachitatu linalira monga limalirira munthu wopepuka akaliponda, ndipo kayendedweko kanali ka mayi ake, kokokera phazi lamanzere. Pansi pake penipeni china chake chinalira kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza, chingwe chili m'manja mwake. Anafunda bulangete mpaka kumutu ngati kamwana, ndipo sindimuseka, inenso ndikanatero.

Kutacha anapeza chikompyutacho chozima koma chofunda. Kumbuyo kwake kunali chingwe china, cha wailesi ya kukhitchini. Pamwamba pake panali kadontho kozungulira ka chokoleti, kosauma bwino.

Tsiku limenelo Don Eulalio sanalawe ngakhale khofi. Pokwera masitepe anapumira panjira, atagwira khoma. Marleni anaona kuti kaya ndi mzimu kaya ndi munthu, ayenera kukumana nacho bambo ake asanathe.

Usiku wotsatira anakhala pansi m'kachipinda kaja, kuseri kwa makatoni, mumdima wa ndiweyani. Kuseri kwa khoma ankamva ufa ukumenyedwa pathebulo, phu, phu, ndi nkhuni zikuthetheka mu uvuni. Miyendo inachita dzanzi. Tambala woyamba atalira, masitepe anayamba kulankhula pamwamba pa mutu wake. Khwe. Khwe. Fungo la chokoleti ndi sinamoni linalowa kaye, kenako chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Pakhomo panaima chithunzithunzi chofunda shawelo yamizeremizere. Chinakhazika kapu, chinawerama mobuula, chinalumikiza chingwe. Kuwala kobiriwira kutayaka, Marleni anaona nkhope.

"Ababa!"

Don Eulalio anadzidzimuka mpaka silipasi imodzi inavuka. Masilipasiwo anali a mkazi wake, aang'ono, zidendene zake zikulendewera kunja, n'chifukwa chake ankawakoka.

"Iwe mwana, ukufuna undiphe? Ukutani mumdima muno ngati khoswe?"

"Inuyo mukutani? Tauni yonse ikuti ndi amayi!"

Mkuluyo anakhala pa kampando, natulutsa foni m'thumba la pijama. Anatsegula lipoti lina lakale n'kuloza pansi penipeni, pamzere waung'ono umene Marleni sanauwerengepo. Unati: Lakonzedwa ndi Fidelina de Coyoy. Mayi ake ndi amene analembetsa chipata chija m'dzina lawo kalekale, ndiye lipoti lililonse lodutsira pamenepo linkatuluka ndi dzinalo. Kenako anatsegula la dzulo. Pamalo pa dzina panali zilembo ndi manambala osamveka.

"Titamuika m'manda, m'mawa mwake foni inalira," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Ndinawerenga, ndinapeza dzina lake. Ndinati, ohoo, Fide wadzuka kale, wayamba ntchito. Tsiku lililonse ankandidzutsa choncho, ine n'kudya. Sindine wamisala, mwana wanga, ndikudziwa kuti ndi makina. Koma iwe utakonza zinthu zako anasiya kubwera. Ndimati mwina ndikachiyatsa pa nthawi yake, ndi kapu yake, adutsanso."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unagwira ntchito yabwino, unasangalala. Ndikanati chiyani? Bweza zoipa zija?"

Marleni analira, ndipo analira kwambiri, mutu uli pa shawelo imene inkanunkhirabe mayi ake. Kenako anapukuta m'maso n'kuseka pang'ono.

"Ababa inu, chikompyutachi ngakhale muchiyatse mpaka Khirisimasi, palibe chimene chimadutsamo. Koma dzina ndi nkhani yaing'ono. Ndikwera pompano ndikatenge laputopu, ndikalembe dzina la amayi pa njira yatsopanoyo. La lero tachedwa nalo kale, koma kuyambira mawa muziliona."

Anawerama n'kuzula chingwe cha wailesi chija. Kung'ung'udza kunatha, kuwala kobiriwira kunazima, m'kachipindamo munangoti zii. Ngakhale kuseri kwa khoma ufa unaleka kumenyedwa. Ali chiimire, chingwe chili m'manja, phazi asanaliponde pa sitepe yoyamba, foni ya Don Eulalio inalira.

Mkuluyo anaiyandikiza kumaso, chala chikutsetsereka mpaka pansi. Kenako nkhope yake inawala ngati ya mnyamata amene wavomeredwa ndi namwali.

"Wachita changu bwanji, mwana wanga!"

Marleni anatenga foniyo. Linali lipoti la tsiku lomwelo, manambala onse olondola. Pansi pake panalembedwa kuti: Lakonzedwa ndi Fidelina de Coyoy. Laputopu yake inali m'chipinda cham'mwamba, yotseka, m'chikwama. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma bambo ake anali ataimirira kale, akuvala silipasi ija, akukuwa moloza ku uvuni.

"Tencha! Masheka oyamba apsa? Bweretsa awiri otentha, ndi nyemba ngati zilipo. Njala yandipha!"

Mpaka lero Marleni sanatsegule malo a m'pulogalamu ija amene dzinalo limalembedwa, ndipo salola munthu wina kuwakhudza. Chikompyuta chija anachipereka kwa ogula zitsulo. Don Eulalio ananenepanso, lamba anabwerera pa kabowo kake kakale. Koma madzulo aliwonse, asanakagone, Marleni amatsika yekha n'kukasiya kapu ya chokoleti pakona paja.