Belo ya Mphepo

Kunyumba kwa mayi wochapa zovala kunalibe sofa, koma kunali dongosolo. Mbale sizinkagona zakuda, ndipo m'mawa pemphero linkayamba munthu asanavale nsapato. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, atakula, amalume ake anamubwereka njinga yamoto kuti azinyamula anthu. Liwiro lake linali loopsa moti anzake pa siteji anamutcha Mphepo.

Pa siteji pomwepo panali Chigubu, mkulu wa maso ofiira amene njinga yake inkakhalira kugona kwa makaniko.

"Mphwanga, m'mawa muno mukuzizira," anatero tsiku lina akumupatsa kabotolo. "Kamodzi kokha, kodzutsa magazi."

Kamodziko kanabereka kawiri. Mayi ake anamva fungo pa malaya.

"Ine ndimakhalira zovala za anthu, ndiye zako ndingaziphonye? Mowa ndi njinga sizikwerana, mwanawe."

"Amayi, inu chilichonse kudandaula."

"Udzandifuna."

Sipanapite nthawi. Masana ena ana akuweruka, Mphepo anatulukira pakona atalawa kale, ndipo anagunda kamtsikana kovala yunifolomu. Mwendo wa mwanayo unathyoka. Anthu anamugwira asanadzutse n'komwe njinga, ndipo anakagona m'chitokosi cha apolisi, pasimenti, pafupi ndi ndowa yonunkha.

Kukhoti woimira boma anakana zoti atuluke pa belo. "Wovulalayo ndi mwana, komanso ndiye mboni yathu. Uyu akatuluka akamusokoneza."

Woweruza anayang'ana Mphepo nthawi yaitali. "Munthu sitimusunga ngati wolakwa mlandu tisanaumve. Alipo womuimira?"

Mayi ake anaimirira, manja ali mbuu ndi sopo. "Ndilipo."

"Mayi, mukudziwa kuti akaphwanya malamulo mudzayankha ndinu?"

"Ndinamubereka ndine. Ndakhala ndikuyankha kuyambira kale."

Malamulo ake anali omveka: asakwerenso njinga, azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse, ndipo asayankhule ndi mwanayo kapena makolo ake mpaka mlandu utatha.

Panja Mphepo anakoka mpweya. "Amayi, ndatuluka!"

"Sunatuluke. Angokubwereka miyendo yakoyo. Yenda, zovala za anthu zandinyowera m'beseni."

Chigubu sanachedwe kumupeza. "Ndiye ukungodikira kuti akumange, ngati nkhuku ya alendo? Mwana ndi mwana, iwe. Kamugulire maswiti, umuuze akanene kuti analumphira yekha mumsewu. Mlandu wafa."

"Anandiletsa kuyankhula naye, achimwene."

"Woweruzayo amalondera pageti la sukulu?"

Mawu aja anamulowa. Ndowa ya m'chitokosi ija sankafuna kuionanso. Anagula maswiti n'kukabisala kuseri kwa kagolosale, tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi geti.

Belu linalira, ana anatuluka mothamanga. Kamtsikana kaja kanatuluka komalizira, pa ndodo ziwiri, mnzake atakanyamulira chikwama. Nthawi yomweyo njinga ya munthu wina inadutsa ikulira. Mwanayo anauma gwa, ndodo imodzi n'kugwa, dzanja atatseka nalo khutu. Njinga inapita kalekale, koma iye anali akunjenjemerabe.

Mphepo anayang'ana maswiti amene anayamba kusungunuka m'dzanja lake. Mwendo anathyola kale. Tsopano ankafuna kuti mwana yemweyo akaime pamaso pa akuluakulu n'kudzinenera kuti wolakwa ndi iye mwini. Phazi linali kale m'mphepete mwa phula. Analibweza.

Kunyumba anapeza mayi ake akufinya nsalu, ndipo anawauza zonse.

"Unayankhula naye?"

"Ayi."

"Unawoloka?"

"Ayi, amayi."

Mayiwo anaponya nsalu ija m'beseni, madzi n'kumuthovukira kumaso. "Ine kuimirira pamaso pa khoti lonse, iwe n'kukagula maswiti! Ukanawoloka msewu umenewo, lero bwenzi ukugona pasimenti, ine ndikufunsidwa ngati wabodza. Taya zimenezo. Gwira mbali iyo tifinye."

Kuyambira pamenepo Chigubu akamuitana, Mphepo ankangodutsa. Lachisanu lililonse ankapita kupolisi wapansi, malaya atasita. Tsiku la mlandu anavomera yekha kuti anali atamwa, ndipo kamtsikana kaja sikanafunikirenso kuimirira kutsogolo. Woweruza anamulanda laisensi n'kumulamula kusesa pachipatala miyezi ingapo, azigona kwawo.

Mlandu utatha, amalume ake anamuperekeza kukapepesa. Bambo wa mwanayo anawasiya ali chiimire kwa kanthawi, kenako anatulutsa mipando. Pabwalo kamtsikana kaja kanali kuyenda kopanda ndodo, pang'onopang'ono.

Achinyamata, ndinena mosazungulira. Kabotolo kamodzi kamathyola mwendo wa mwana wa eni. Ndipo belo si chikhululuko, ndi ufulu wobwereka umene wina wakuikirani nkhope yake. Mnzanu akakuuzani kuti woweruza sakuonani, mufunseni ngati kukhoti kuja anaimirira nawo.