Ng'azi ya Amalume Austin

Triza anaona chodabwitsacho m'mawa wina popita kukadyetsa ng'azi: m'khola munali zigoba za mazira amene iye sanaikemo, pomwe kachitseko ka waya kanali komanga monga anakasiyira.

Ng'aziyo inali ya amalume ake, a Austin, oyendetsa thiraki, amene anaigula ku Chipata idakali yaing'ono n'kuitcha Kondakitala. Anzawo amaweta nkhunda, koma amalumewa mutu wawo unkayenda pawokha. Ponyamuka ulendo wa ku Lusaka anasiyira Triza nyumba ndi chiweto chawocho, popeza mtsikanayo anali patchuthi kuchokera ku koleji.

Iye ankayembekeza tchuthi cha mabuku ndi tulo. Koma usiku wotsatira, magetsi atazima ndipo mdima utadzaza nyumba mpaka kulemera, anamva kukwekwereza m'chipinda cha katundu momwe munali kholalo, kenako kunong'ona kwapansipansi ngati munthu akutonthoza khanda. Anagwira foni kuti akaunike, koma anaibwezera pansi n'kudzifunditsa mpaka kumutu. Kutacha anapezanso zigoba.

Ku mjigo nkhani inali itafika kale. Nkhuku za a Zelifa, oyandikana nawo nyumba, zinkaikira koma mazira osaoneka, ndipo mwana wawo Favour anali chigonere, akungowonda, kuchipatala osamupeza matenda. Ena ankati ng'azi imatuluka usiku kukayamwa magazi a mwanayo kuti thiraki ya a Austin iziyenda bwino. Ena ankati woituma ndi mtsikana wa ku kolejiyo. Triza atafika ndi ndowa, amayi onse anamupatsa mpata ngati wodwala mphere. Mantha anamugwira zenizeni, pakuti ankadziwa mmene mphekesera zotere zimathera: miyala padenga, kenako moto.

Madzulo a Zelifa anabwera okha, maso ali psuu.

"Iwe Triza," ananong'ona, "abambo ake a Favour asonkhanitsa anyamata. Mawa akubwera ndi petulo."

"Mayi, chinyamachi sichituluka m'khola. Ndikulumbira."

"Kulumbira aliyense amatha. Tiye tiwaze phulusa. Chikatuluka, mchira wake udzalemba wokha."

Anasefa phulusa pansi ponse, kuyambira pakhola mpaka pakhomo la chipindacho. A Zelifa anakhoma chitseko ndi loko wawo, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Usikuwo Triza sanaone tulo. Agalu a m'mudzi analira kutali, kenako anasiya onse pamodzi. Kunong'ona kuja kunayambanso kuseri kwa khoma, ndipo ulendo uno anamva bwinobwino dzira likusweka, kenako kakuseka kakang'ono.

M'bandakucha a Zelifa anatsegula loko, Triza akuunika ndi foni. Ng'azi inali phee m'khola mwake, itakhuta. Paphulusa panalibe mzere wa mchira ngakhale chikhadabo chimodzi. Panali timapazi ta mwana, topanda nsapato, toyambira pachitseko chokhomacho mpaka pakhola. Tobwerera panalibe.

A Zelifa anagwada n'kuyeza kaphazi kamodzi ndi chikhatho. Triza anaona pankhope pawo kuti kaphaziko akukadziwa.

"Favour sanaimirirepo chiyambire kudwala," anatero motsitsa mawu. "Ndagona naye mphasa imodzi, nditamufungatira usiku wonse."

Panja panamveka mawu a amuna akuyandikira, chigubu chikugunda pamwendo wa wina. Moyo wa Triza tsopano unali pa lilime la mayiyu. A Zelifa anatenga tsache lomwe linali pakona, anasesa phulusa lonse mothamanga, n'kutuluka pakhonde.

"Bwererani," anauza amuna awo. "Chinyamacho sichinatuluke. Mtsikanayu musamukhudze."

Amunawo anang'ung'udza, koma anabwerera ndi chigubu chawo. Atapita, a Zelifa anatembenukira Triza, osamuyang'ana m'maso.

"Usiku uno usakhome chitseko chija, mwanawe. Mwina mwana wanga akusowa potulukira."