Chaka Chachitatu cha Chifalansa

Brielle anakumana ndi Colton poyembekezera basi ya sukulu, kukuzizira koopsa. Mnyamatayo anali katswiri wothamanga pasekondale yawo ku Ohio, m'dziko la America, ndipo pakamwa pake panali uchi wokhawokha.

"Si iwe uja umakhoza Chifalansa? Ukamayankha m'kalasi, ine ndimangoti kukamwa yasa."

Mwana wa eni anasungunuka pomwepo. Akanalimba ndani?

Nthawi yosankha maphunziro a chaka chomaliza itafika, pafomu ya Brielle panatsala malo amodzi. Chifalansa anali atachita zaka ziwiri, zokwanira ku koleji ya unamwino imene ankailota. Chimene kolejiyo inkayang'ana kwambiri ndi Bayoloje yapamwamba. Koma koleji ya Colton inkafuna Chifalansa cha zaka zitatu.

Uthenga wa Colton unalowa pafoni ya Brielle: "Duwa langa, chaka chimodzi chokha. Popanda iwe kalasi ija ndi manda. Tikamaliza ndidzakutengera ku Paris, ndikulumbira!"

Mayi Novak, mlangizi wa ophunzira, anaiyang'ana fomuyo kawiri. "Zaka ziwiri zakukwanira kale, Brielle. Bayoloje ukuisiyiranji?"

"Ndimachikonda Chifalansa," anayankha akuyang'ana nsapato zake. Kunyumba ananamiza mayi ake kuti kalasi ya Bayoloje yadzaza. Bodza limenelo linkamuwotcha tsiku lililonse.

Chaka chitayamba, amene ankalemba ntchito za Colton za Chifalansa anali Brielle. Mu Okotobala aphunzitsi awo, a Fontaine, anati aliyense alembe za amene amamukonda koposa.

"Ndilembereko, mtima wanga, miyendo yatheratu," anatero Colton. "Ukudziwa kale zimene zili mumtima mwangamu."

Abale, chikondi chimapusitsa! Brielle analemba masamba awiri onena za iye mwini: maso ake, magalasi ake, kaseka kake. Analemba zonse zimene ankalakalaka Colton atamuuza. Dzina lokha ndi limene anachita nalo manyazi kulemba.

Lachisanu a Fontaine anawauza awiriwo kuti atsale.

"Colton, nkhani yako yandigwira mtima. Tandiuza, ukunena za ndani?"

Colton anayang'ana pepalalo, nkulitembenuza. "Za... galu wathu, aphunzitsi."

"Galu wanu amavala magalasi?"

Brielle analakalaka pansi patang'ambika. Colton sanaiwerenge nkomwe nkhaniyo? Ngakhale mzere umodzi? A Fontaine anamuyang'ana, iye ali ndi magalasi ake kumaso, ndipo chisoni chimene chinali pankhope pawo chinamupweteka kuposa kukalipiridwa.

"Ine sindinamutume, aphunzitsi," Colton anafulumira. "Amangondikakamira yekha."

Onse awiri anapatsidwa ziro. Atatuluka, Colton anamugwira mkono.

"Usakwiye, duwa langa, ndimangodzipulumutsa. Ndikalephera kalasi iyi, koleji yandithawa. Tingopirira mpaka chaka chithe."

"Ndiye chikatha?"

Colton anangokanda m'mutu.

Brielle anathamangira kwa Mayi Novak, misozi ili chuchuchu. "Chonde, ndisinthireni. Ndikufuna Bayoloje."

"Pepa, mwanawe. Tsiku losintha linadutsa mwezi watha. Ndipo mayi ako ndawaimbira kale za nkhani ya lero. Akubwera."

Anakhala pabenchi ya panja pa ofesiyo, nkhope ili m'manja, kudikira mayi amene anawanamiza. Lolemba kalasi ya Chifalansa inali ikumudikirabe, ndi masiku onse mpaka Juni, mpando wake uli pambali pa wa Colton.