Khutu la Telala

Anakumana pasiteji ya basi, mvula ikuwaza. Telala, mtsikana wosoka pakhonde la sitolo ya nsalu, anali atangomaliza kucheza ndi mayi ake pafoni m'chinenero chakwawo.

"Pepani asisi," anatero mnyamata wina wa chikwama chakuda. "Chinenero chimenecho n'chakwanu? Mwezi wathunthu ndakhala ndikusaka anthu ngati inu!"

"Kusaka? Mwandiona ngati gwape?"

Mnyamatayo anaseka. Anati amachita kafukufuku kukoleji. M'Chimandarini, chinenero cha Matchaina, liwu limodzi limatchulidwa m'njira zinayi: mowongoka, mokwera, motsika n'kukweranso, ndi mogwa.

"Khutu la munthu limaumbidwa ndi chinenero chimene anayamwira," anatero. "Chanu chimakweza ndi kutsitsa mawu, ndiye mumamva zimene ena samva. Koma anthu akwanu kuno ndi osowa. Muzibwera Loweruka lililonse, kasanu n'katatu basi."

Basi inabwera n'kupita. Telala sanaione n'komwe!

Kukolejiko kunali kachipinda ka mpando umodzi, mahedifoni, mabatani anayi ndi zenera la galasi limene mnyamatayo ankakhala kuseri kwake. Mawu a mayi wina ankati "ma", Telala n'kudina batani logwirizana ndi mmene liwulo lamvekera. Liwu lowongoka ndi logwa ankawagwira msanga. Koma lokwera ndi lopindika lija ankawasokoneza, mpaka manyazi kumugwira.

"Kwanu kulibe liwu lopindika chonchi," mnyamatayo anamutonthoza pomuvula mahedifoni pang'onopang'ono. "Si vuto lako, njiwa yanga."

Njiwa yanga! Chibadwire, ndani anamutchulapo choncho?

Vuto linali limodzi. Loweruka ndi tsiku limene makasitomala amadzaza pakhonde. Sabata yachitatu Telala analembera mnyamatayo uthenga pafoni kuti sabweranso. Yankho linafika asanaike foni pansi.

"Njiwa yanga, sabata yonse ndimangodikira Loweruka. Ukasiya kubwera ndizikuona kuti? Kafukufuku akangotha ndikaonana ndi mayi ako. Ndalumbira!"

Uthengawo anauwerenga mpaka kuuloweza. Mkulu wake, amene ankasoka naye limodzi, anangopukusa mutu.

"Iwe, chibwenzi chanji cha ola limodzi, chovala mahedifoni? Anakuperekezapo ngakhale pasiteji?"

"Amatanganidwa, achemwali."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Koma munthu akakonda, malangizo amangomveka ngati phokoso la makina. Diresi ya ukwati imene anayenera kusoka inapita kwa telala wina. Iye sanadandaule.

Loweruka lomaliza analawirira ndi ola lathunthu, atanyamula shati imene anamusokera mobisa, muyezo wake wongoyeza ndi maso. Pabenchi panja pa kachipinda anapeza namwino akuyankhula pafoni. M'chinenero chakwawo! Anapatsana moni mosangalala ngati pachibale.

"Inunso mumabwerera zamabatanizi?" anafunsa namwino. "Ine ndikanasiya kalekale, ntchito yakuchipatala siilola. Koma taonani zimene anandilembera bwana wamng'onoyu."

Anamuonetsa foni akumwetulira mwamanyazi.

"Njiwa yanga, sabata yonse ndimangodikira Loweruka..."

Telala sanafunike kuwerenga mpaka kumapeto. Liwu lililonse ankalidziwa, ngakhale lumbiro lija. Anangomubwezera namwino foni yake.

Mnyamatayo atatulukira, n'kuwaona awiriwo pabenchi imodzi, nkhope inagwa. Telala anamukokera kukona, pafupi ndi masitepe.

"Njiwa zako zilipo zingati?"

"Tamvera kaye..."

"Zingati?"

"Zinayi," anayankha motsitsa. "Iwe sukumvetsa. Munthu akasiyira panjira, mayankho ake onse amatayidwa. Anthu akwanu ndinapeza asanu ndi mmodzi okha, ndipo aliyense ankafuna kusiya. Zaka zanga ziwiri zikanapita m'madzi. Ndikanatani?"

"Ndiye unkakonda ine kapena khutu langa?"

Anadikira. Akanangonama kamodzinso, mwina Telala akanakhulupirira. Mtima wake unkapempha bodza limenelo! Koma mnyamatayo anayang'ana wotchi.

"Tikambirana bwino, ndikulonjeza. Koma kwatsala gawo limodzi. Mphindi makumi awiri zokha. Ukapanda kulowa lero, masabata ako asanu ndi awiri aja sawerengedwa. Chonde."

Mtsikana wanzeru akanamuponyera shati ija kumaso n'kumapita. Inenso ndikanakonda kukuuzani kuti anatero. Ayi ndithu. Telala ankamukondabe, ndipo zinamupweteka kuona mantha m'maso mwake.

Analowa. Anakhala pampando, shati ili pamiyendo, navala yekha mahedifoni.

"Ma," anatero mawu aja.

Anadina batani, misozi ikudontha pachala. "Ma." Anadinanso. Atafika pakati anadzutsa mutu kuti aone ngati mnyamatayo waona kuti akulira.

Kuseri kwa galasi, mnyamatayo ankamwetulira. Maso ake anali pakompyuta.