Fulashi Yokulungidwa m'Duku

A Alufandika ankakhala ku Primrose, ku Joni, m'zipinda ziwiri zakuseri kwa nyumba ya eni malo, koma wolowamo aliyense ankaona yekha kuti muno mukukhala anthu olongosoka. Pakhomo panali maluwa odzalidwa m'zitini za penti, pakhoma chithunzi cha ukwati chojambulidwa ku Ntcheu. M'mawa uliwonse, asanapite kukatchetcha kapinga wa mabwana, bambowo ankagwada kupemphera pamodzi ndi mwana wawo Geoffrey, amene onse ankangomutcha Jefu. Kale ankagwada atatu. Amake Jefu, mayi Deborah, anamwalira chaka chapitacho, ndipo Amalawi anzawo anathandizana kutumiza maliro kumudzi.

Mayiwo anali ndi mawu amene akayamba nyimbo m'tchalitchi, ngakhale ana ankasiya phokoso. Matenda atawagoneka, anapeka nyimbo yawoyawo ya ndime zitatu. Sanailembe papepala, inali m'mutu mwawo basi. Jefu, yemwe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo ankajambula nyimbo za kwaya pa laputopu yakale imene bambo ake anamugulira, anapachika mabulangete m'makoma, n'kuwajambula amake atatsamira mapilo. Patangotha milungu itatu, anatsikira kuli chete.

Nyimboyo inasungidwa pawiri: mu laputopu, ndi mu fulashi imene a Alufandika anaikulunga m'duku loyera la Mvano la akazi awo, n'kuiika m'sutikesi pansi pa bedi. Achibale a kumudzi anapempha kangapo kuti aitumize pa foni, koma iwo anakana.

"Mawu a malemu sangamayende m'mafoni ngati nthabwala," anatero. "Kumudzi akaimvera koyamba pamanda, tsiku lovundukula chiliza mu Ogasiti. Ndikapita nayo ndekha."

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ankavula jekete, n'kukhala pampando wawo.

"Jefu, tatiyitanire amako."

Jefu ankatsegula laputopu, ndipo amake ankabwera m'chipindamo kwa mphindi zinayi.

Zinthu zinayamba kupotoka tsiku limene Trust anafika. Trust anali mnyamata wa ku Makause, mudzi wa zisakasa woyandikana ndi Primrose, ndipo ankanena kuti amadziwana ndi oyimba onse a ku Joni. Anamvera nyimbo ziwiri za Jefu akugwedeza mutu, kenaka anasuzumira pa laputopu n'kuphulika kuseka.

"Eish, mfethu, m'bale wanga! Pulogalamu yopangira nyimbo imeneyi idakalipobe? Iyitu inatuluka agogo ako ali kumigodi ya Wenela!"

"Imagwira ntchito bwinobwino," Jefu anayankha, koma nkhope itagwa.

"Ngolo nayonso imagwira ntchito, koma sungakwere kupita m'tauni ku Germiston. Kwatuluka yatsopano. Imachapa mawu, ngakhale mbuzi italira imamveka ngati mngelo. Luso uli nalo, koma ukufera m'kwaya ya azimayi."

Mawu amenewo anamulowa Jefu ngati munga. Bambo ake atabwera kuntchito, anawauza kuti akufuna pulogalamu yatsopano.

"Yakaleyi yafa?" anafunsa a Alufandika akuvula magambutsi.

"Ayi, ababa."

"Yadwala?"

"Ayi, koma yatha fasho."

"Nanenso ndinatha fasho, koma ndikukudyetsabe. Si yomweyi inajambula amako? Tidikire chiliza chithe. Ngati ukuona kuti ine sindidziwa kanthu, kafunse a Bakari."

A Bakari anali bambo wa ku Mangochi wokonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka pamsewu waukulu wa ku Primrose, ndipo laputopuyo inagulidwa kwa iwo. Anamumvetsera Jefu osadzutsa mutu pa foni imene ankaimasula.

"Mwanangu, yatsopanoyo ndi yabwino, sindikunamize. Koma ndi yolemera, ndipo makina akowa ndi nkhalamba. Komanso munthu sasintha denga mvula ili pamutu. Maliza kaye ntchito ya amako, usunge nyimbo zako malo atatu, kenaka ubwere tidzagule yeniyeni kwa eni ake."

"Trust akuti ilipo yaulere."

Apa ndiye a Bakari anaika pansi sikulu diraiva.

"Yaulere kulibe. Iliko ndi yakuba. Anthu anaithyola loko, ndipo wothyola loko ya mnzake sakhala m'bale wako. Amabisamo tizilombo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wandimva?"

"Ndamva."

Anamva ndi makutu okha. Pakona Trust anali akumudikira.

"Akuti ugule? Ku Joni kuno ndani amagula? Madala ngati amenewo amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Ndili nayo kwathu. Ungobwera ndi fulashi yaikulu, shapu?"

Jefu analibe fulashi yaikulu. M'nyumba monse inalimo imodzi yokha.

Lachiwiri masana, bambo ake ali kuntchito, anakoka sutikesi ija. Dukulo linali likununkhirabe mafuta amene amake ankadzola. Anaima kaye. Kenaka anadziuza kuti sakuba, akungobwereka, n'kuika fulashiyo m'thumba.

M'chisakasa cha Trust munkatentha ngati mu uvuni. Trust anabaya fulashiyo pa kompyuta yake n'kutsonya.

"Yadzaza iyi. Muli chiyani umu?"

"Nyimbo ya mayi anga, ndi mawu onse amene tinajambula tsiku limenelo."

"Mu laputopu mwako zilimo?"

"Zilimo."

"Ndiye ukuopanji? Tifufute izi, tiikemo pulogalamu. Ukafika kwanu ukabwezeramo. Ntchito ya mphindi ziwiri, mfethu."

Jefu anafuna kukana, koma anaona kamwa la Trust litayamba kale kukonzekera kuseka. Anagwedeza mutu. Chala cha Trust chinadina kamodzi.

"Ikakufunsa za mlonda wa kompyuta, uja amaletsa tizilombo, umuzimitse," Trust anamulangiza potuluka. "Amangochita nsanje ameneyo."

Jefu anamuzimitsa mlondayo ndi dzanja lake. Pulogalamu yatsopano inatseguka ndi mitundu yowala, ng'oma zake zikugunda mpaka m'chifuwa. Anakhala pamenepo mpaka anamva geti likulira, bambo ake akubwera. Anathamanga kukabwezera fulashi m'duku, ilibe nyimbo. Ndibwezeramo mawa, anatero mumtima.

Mawa linafika ndi nyimbo ina yoti apange. Lachinayi sanapite kukaphunzira kwaya, anatumiza uthenga woti mutu ukumupweteka. Lachisanu laputopu inayamba kuchedwa, kumatentha ngati simbi. Loweruka m'mawa anakumbukira fulashi ija, n'kutsegula pamene pankakhala nyimbo ya amake. Mayina onse anali atasanduka zilembo zosamveka. Anadina, osatseguka. Anadina ina, chimodzimodzi. Kenaka panatuluka uthenga wa Chingerezi wonena kuti zonse za m'makinamo zatsekedwa.

Anamuyimbira Trust thukuta lili kamukamu.

"Kwanga ikuyenda bwinobwino," Trust anayankha akutafuna kanthu. "Vuto ndi chigaba chakocho. Ndinakukakamiza ine?"

Atayimbanso kachiwiri, foni sinayankhidwe.

Lamulungu linafika monga limafikira. A Alufandika anavula jekete, n'kukhala pampando wawo.

"Jefu, tatiyitanire amako."

"Laputopu yavuta pang'ono, ababa. Chaja."

"Palibe kanthu. Si ndicho chifukwa tinasunga pawiri?"

Anagwada okha, n'kukoka sutikesi. Anamasula dukulo pang'onopang'ono monga ankachitira nthawi zonse, n'kubaya fulashi pa kawailesi kawo. Kawailesiko kanaphethira, osatulutsa mawu. Anaizula, anaiuzira, anaibayanso. Zii.

"Jefu?"

Mnyamatayo anagwa maondo pasimenti, n'kuulula zonse, kuyambira pa sutikesi mpaka pa mlonda amene anamuzimitsa. Ankayembekezera lamba kapena kukalipiridwa, ndipo akanakondwa nazo. Koma bambo ake anangopinda duku lija pamiyendo pawo, kulipinda, kulipindanso, mpaka linachepa ngati kampango.

"Tsiku lija unatsegula sutikesi, fungo la amako sunalimve?"

"Ndinalimva, ababa."

"Unalimva, n'kutengabe."



A Bakari analimbana nazo masiku awiri. Tsiku lachitatu anawaitana onse awiri, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, ndalephera. Fulashiyi ikanangofufutidwa, ndikanatola zotsala. Koma analembapo zina pamwamba, ngati kulima pamanda. Za mu laputopu, kiyi wake ali ndi mbava zimene sitidzaziona. Ngakhale mutazipatsa ndalama zimene zikufuna, sizibweza."

Sanamuyang'ane Jefu, ndipo sananene kuti ndinakuuza. Zimenezo zinamupweteka mnyamatayo kuposa mbama.

Pobwerera, a Alufandika anaima pafupi ndi pokwerera mateksi.

"Amako ndinawaika m'manda kamodzi, Mulungu atawaitana," anatero motsitsa mawu. "Kachiwirika wawaika ndiwe."

Milungu yotsatira Jefu anayenda khomo ndi khomo kwa amayi a kwaya, ku Primrose, ku Makause, mpaka ku KwaThema, kufunsa ngati alipo anajambulako amake. Pakhomo lililonse ankayenera kufotokoza chimene anachita, ndipo sanabise. Ena anali ndi nyimbo za kwaya yonse, momwe mawu a mayi Deborah anamira m'mawu a anthu makumi atatu. Nyimbo ya ndime zitatu ija panalibe anaimvapo yonse.

Pomaliza anafika kwa mayi Grace, mnzawo wa malemu amene anabwera kudzazonda matenda tsiku lojambula lija. Anafufuza m'foni yawo yosweka galasi, n'kupeza kakanema ka masekondi asanu ndi anayi. Munalibe nyimbo. Munali mayi Deborah akukonza duku kumutu, akuseka, n'kunena kuti, "Iwe Jefu, usayatse kaye chinthucho, sindinakonzeke."

Jefu anakamvera kamodzi, n'kulira ngati mwana wakhanda pakhonde la eni ake.

Mu Ogasiti anakwera basi onse awiri, masiku awiri panjira. Kumanda ku Ntcheu kunadzaza anthu, chifukwa mbiri inali itamveka kuti malemu adzayimba okha. Achibale anali atabwereka sipika yaikulu ndi batire. Nsalu itachotsedwa pachiliza, onse anatembenukira kwa a Alufandika.

Jefu ndiye anaimirira. Bambo ake sanamutume. Anauza khamu lonselo kuti nyimbo kulibe, ndipo anaitaya ndi iye, chifukwa anaba fulashi ya bambo ake kuti aikemo chinthu chakuba. Azakhali ake anaphimba nkhope ndi chitenje.

Kenaka a Alufandika anatsokomola, n'kuyamba kuyimba okha ndi mawu awo osasa. Ndime yoyamba anaimaliza. Yachiwiri anafika pakati, n'kuima. Anabwereza mzere womwewo, n'kuimanso pomwepo. Anali ataimvera Lamulungu lililonse kwa chaka chathunthu, koma ankamvera mawu a mkazi wawo, osati kuloweza nyimbo. Anayang'ana Jefu kuti awathandize. Jefu nayenso sanaidziwe. Ankadziwa pokweza ndi potsitsa mawu, koma zimene amake ankanena m'ndime yachitatu sanazisunge.

Pa sipika yaikulu ija panangomveka masekondi asanu ndi anayi aja, mayi akuseka, akuti sanakonzeke.

Lero Jefu akadali ku Primrose. Amathandiza a Bakari kushopu, ndipo anabwerera kukwaya. Bambo ake anamukhululukira, amagwadabe limodzi m'mawa. Koma Lamulungu akaweruka kutchalitchi, a Alufandika amavula jekete, amakhala pampando wawo, n'kungoyang'ana khoma. Mawu aja oti tatiyitanire amako sanawanenenso.

Inu achinyamata, chatsopano si tchimo, ndipo nthawi yake ikakwana chimagulidwa poyera. Tchimo ndi kusirira kosadikira, kumene kumakuchititsani manyazi ndi zimene muli nazo, kenaka n'kukutumani kutsegula sutikesi ya bambo anu. Kuba n'kuba, ngakhale chobedwacho chisagwirike ndi manja. Mnzanu wokuuzani kuti zimitsa mlonda sadzakhalapo tsiku lolira. Mulungu amakhululuka, makolo amakhululuka, koma chikhululuko sichinabweze ndime yachitatu ya mayi Deborah.