Mchombo wa Mwana Wachitatu

Lichero linkapeta anthu ngati mphale. Aliyense wotsika m'chombo pa Chilumba cha Mitengo ankalowa m'makina ataliatali otchedwa Licherowo, mphepo yotentha nkumukuntha fumbi, kuwala kobiriwira nkumunyambita mpaka m'zikhadabo. Chomwe oyang'anira chilumbachi ankaopa ndi chiwawu chakuda, nthenda ya m'dothi imene inapululutsa mitengo yonse kumtunda. Yotsala inali ya pachilumbapa basi. Anthu ankabwera m'mawa kudzaiona, masana nkubwerera kwawo kopanda mthunzi.

Nazimbiri sanabwere kudzaona mitengo ayi. Ana ake awiri anamwalira asanayambe nkukwawa komwe, ndipo michombo yawo inapita ndi galimoto la zinyalala. Wachitatu anali kumsana. Mchombo wake, umene unagwa dzana, anaumanga m'kansalu pamodzi ndi kadothi ka pakhomo nkuubisa m'mbereko. Makolo akale ankakwirira mchombo patsinde pa mtengo kuti mwana agwire nthaka. Zachikale, inde, koma kamuuzeni zimenezo mayi amene waika ana awiri.

"Amayi a mwana, atimangatu kuno," ananong'ona mwamuna wake Zakeyu, thukuta lili kamukamu.

"Andimange. Maliro achitatu ine sindilira."

Kuwala kwa Lichero sikunkaloledwa pa makanda, choncho makinawo ankangofunsa. "Mayi, m'mberekomo muli kanthu kena kochokera kumtunda?"

Bodza linamukanika Nazimbiri.

"Mchombo," anayankha motsitsa.

"Mwachita bwino kusiya katundu m'chombo," linatero Lichero mwaulemu. "Dutsani."

Makina odziwa kununkhiza nthenda m'chikhadabo, koma Chichewa chinawapita pambali!

M'katimo, Zakeyu anaiwala mantha. Anagwira khungwa la mbawa nkununkhiza dzanja lake. "Taonani, akazanga, masamba akugwa okha! Palibe wowasesa?" Anaseka, kenaka misozi inalengeza. Pamene loboti yoperekeza alendo inakhotera ku maluwa a m'madzi, Nazimbiri anagwada pansi pa mkuyu waukulu, nakumba ndi zala, nakwirira kansalu kaja. Kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayo, mtima wake unakhala pansi.

Chombo chitangochoka padoko, timakina touluka tonga tombolombo tinayamba kuunjikana pamwamba pa mkuyu uja. Kenaka mawu anamveka m'chombo monse: "Chiwawu chakuda chapezeka m'dothi la m'munda. Mitengo yoyandikana nacho ikuotchedwa."

Mkuyu unayaka ngati udzu. Koma amene anapanga makinawo anaiwala kuti pansi pa nthaka mizu ya mitengo imalukana. Timakina tija tinkatsata muzu, tikafika pa mtengo wina nkuuyesa woyandikana, nkuuyatsanso. Mbawa inapita. Moto unayenda mpaka kugombe.

Anthu anakuwa, ena anagwada nkumapemphera. Nkhalamba ina inkangofunsa kuti, "Walowetsa dothi ndani? Ndani ameneyo?"

Zakeyu sanayang'ane mkazi wake. "Munaikamo ndi dothi?" anafunsa.

"Kapang'ono chabe, abambo. Kuti adziwe kwawo."

Zinali zomvetsa chisoni kumuona Nazimbiri atagwira chitsulo cha chombo, pakamwa pali yasa, phulusa likumugwera pa duku. Kumsana mwana anadzuka nayamba kulira, ndipo mayiyo sanadziwe ngati mchombo wopsa umawerengedwa kuti wakwiriridwa.

Akadzakula, ngati adzakule, mwanayo adzamva kuti anafikako pansi pa mitengo tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo anali m'tulo.